Kunyanja Anamanga Holo ya Msonkhano, Anaiwala Chipinda cha Banja

Tengani pepala la mitengo la hotela ya m'mphepete mwa nyanja yathu, kaya ku Senga Bay ku Salima, kaya mumsewu wochoka pa boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay, kaya ku Chintheche. Mupezapo mtengo wa chipinda cha munthu mmodzi, mtengo wa chipinda cha anthu awiri, kenako mzere wautali wa mitengo ya msonkhano: holo, tiyi wa 10 koloko, nkhomaliro, tiyi wa 3 koloko, madzi a m'botolo, kope ndi cholembera. Tsopano yesani kulowetsa banja la Chimalawi papepalapo. Bambo, mayi, ana atatu kapena anayi, mwana wa malemu achimwene amene mukulera, mtsikana wothandiza ntchito zapakhomo, mwinanso agogo amene akhala akunena kuti akufuna adzaone nyanja maso akadali kuona. Sizilowa. Wolandira alendo akuuzani mwaulemu kuti mutenge zipinda zitatu kapena zinayi, ndipo mukawerengera mupeza kuti kugona masiku awiri kwameza malipiro a mwezi wathunthu, mwinanso kuposa.

Anthu ambiri akamadandaula za mahotela a kunyanja amathera pa mtengo, n'kunena kuti eni ake ndi adyera. Ine sindikuona choncho. Mtengowo ukungoonetsa nkhani ina yomwe ili pansi: amene anamanga malowa sankaganizira banja la kuno, ndipo mpaka lero ambiri amaliona ngati mlendo wongodzaza mipata pa Khirisimasi. Kuganiza kotereku n'kolakwika ngakhale pa nkhani ya bizinesi yeniyeniyo. Ifenso eni mabanja tili ndi mbali yathu pa mlanduwu, ndipo ndifikako.

Mahotela oyamba a kunyanja anali a azungu a m'nthawi ya atsamunda. Ku Cape Maclear kunali hotela yomwe cha mu 1949 ndi 1950 inkalandira alendo obwera pa ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zomwe zinkayenda pakati pa England ndi South Africa. Ku Salima kunali Grand Beach, yomwe lero timaidziwa kuti Livingstonia Beach, kumene akuluakulu a boma la atsamunda ndi eni maesiteti ankakapumulira. Munthu wakuda ankalowa kumeneko atavala yunifolomu, atanyamula thireyi. Ufulu utabwera mu 1964, mlendo wamkulu anangosintha pang'ono. Dziko lathu linakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, pamene maiko ambiri a mu Africa ankalikana, ndiye azungu a kumeneko, amene kwina ankawatsekera zitseko, anapeza gombe lawo kuno. Ngakhale malamulo ankavomereza kuti gombe ndi la alendo. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, lomwe linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, linkapatula malo opumulirako alendo a kunyanja. Mayi wa ku Ndirande akanatha kumangidwa chifukwa cha chovala chomwe mlendo ankayenda nacho momasuka pa mchenga wa ku Nkopola.

Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, kunyanja kunafika mlendo wina, ndipo uyu ndiye wakhala mfumu mpaka lero: wa msonkhano. Mabungwe omwe si aboma anachuluka, maunduna anayamba kulandira ndalama za mapulojekiti, ndipo panabadwa chikhulupiriro chodabwitsa chakuti ndondomeko ya ntchito singalembeke bwino ku Capital Hill pokhapokha olembawo akuwombedwa ndi mphepo ya kunyanja. Chifukwa chenicheni tonse timachidziwa. Munthu akagona kutali ndi kumene amagwira ntchito amalandira alawansi, ndipo Salima ndi Mangochi ali pa mtunda wokwanira bwino kuti alawansiyo atuluke. Apa sindikuweruza aliyense. Malipiro a m'boma ndi ochepa, ndipo fizi ya ana ambiri yalipiridwa ndi maenvulopu a kunyanja. Chomwe ndikufuna tione ndi momwe mlendo ameneyu waumbira hotela.

Wa msonkhano sayang'ana bilu, chifukwa ndalamayo situluka m'thumba mwake. Wolipira ndi wa za chuma amene ali ku ofesi ku Lilongwe, ndipo nayenso amangotsata bajeti yomwe inavomerezedwa kale, nthawi zina m'madola. Mtengo ukamaikidwa potengera wogula amene sanenerera, umakwera mpaka pamene wogula wonenerera sangaufikire. Phindu likapezeka, mwini hotela amawonjezera holo yachiwiri, amagula pulojekita ndi zokuzira mawu, amalimbitsa intaneti. Malo osaya oti mwana wa zaka zinayi asambiremo, bedi lachitatu m'chipinda, khomo lolumikiza zipinda ziwiri kuti makolo azimva mwana akatsokomola usiku, zonsezi zimadikira. Kukhitchini nako anazolowera kudyetsa chikhamu cha anthu nthawi imodzi pa 1 koloko masana. Tapemphani phala la mwana 6 koloko m'mawa muone momwe operekera zakudya ayang'anizirane. Si kuti ndi amwano ayi. Palibe amene anawauza kuti m'hotela mungagone munthu wodya phala.

Zimenezi zabala mtundu wa bambo amene amadziwa hotela iliyonse kuyambira ku Nkhotakota mpaka ku Makawa, amadziwa kumene amakazinga bwino chambo ndi kumene madzi otentha satuluka, koma ana ake sanapondepo mchenga. Akamabwerako amafika ndi nsomba zomangirira pa galasi la galimoto ndi chipewa cha mlaza, basi banja lalawa nyanja. Mukamufunsa zotenga mkazi ndi ana, amati kulibe chachilendo, ndi madzi chabe. (Za alendo ena amene amapezeka m'zipinda zogona za a msonkhano koma mayina awo sali pa pepala la opezekapo, tizisiye, ndemanga ino akuwerenganso ana.)

Koma mlendo ndi mame, anatero akale, sachedwa kukamuka. Mu 2020 mliri wa COVID-19 utaimitsa ndege ndi misonkhano, mahotela a kunyanja anangoti zii, antchito ambiri anauzidwa kuti akadikire kunyumba, ndipo mwadzidzidzi tinayamba kuona zotsatsa zoitana Amalawi pa mitengo yotsika. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lomwe linkadzera ku USAID, mapulojekiti ambiri anatsekedwa, ndipo misonkhano yawo inapita nawo limodzi. Boma lathu nalo, chuma chikathina, limalengeza kuti misonkhano izichitikira m'maofesi. Lamulolo limaiwalika pakapita miyezi, koma miyezi imeneyo ndi yokwanira kugwetsa hotela yomwe ili ndi ngongole kubanki. Mlendo wakunja, yemwe mu Febuluwale 2024 boma linamukopa pochotsa visa kwa nzika za maiko 79, amasankha pakati pa ife, Zanzibar, Mauritius ndi Victoria Falls, ndipo tikiti yoterera ku Lumbadzi kapena ku Chileka si yotsika. Banja la ku Area 25, la ku Chilomoni, la ku Zolozolo silipita kulikonse. Lilipo chaka chino, lidzakhalapo chaka chamawa, ndipo mwana amene wasewera pa gombe lanu ali sitandade 1 ndi yemwe adzabwere kudzafunsa mtengo wochitirapo phwando la ukwati wake.

Eni mahotela ali ndi yankho, ndipo si lachabe. Magetsi akazima, jenereta imamwa dizilo amene nthawi zina amachita kufolera masiku. Matawulo, nsalu za pabedi, mankhwala a dziwe losambiramo, zipangizo za makina oziziritsa m'zipinda, zambiri n'zochokera kunja, pomwe kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chiwongoladzanja cha kubanki n'choboola m'thumba. Pa bilu iliyonse boma limatengapo msonkho wa VAT ndi 1 peresenti ina ya zokopa alendo.

Ndiye kunabweranso madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kupitirira mamita 476 kuchokera pa mulingo wa nyanja zamchere, kukwera komwe kunali kusanaonekenso kwa zaka zambiri. Magombe anamira, ndipo m'malo omwera ndi m'zipinda zina ku Mangochi ndi ku Salima munalowa madzi. Eni malo analoza chala zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde kuti zitsekulidwe madzi apite. Oyang'anira madzi anayankha kuti kutero n'kumiza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje komanso kuika pachiswe makina a magetsi a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, n'kukumbutsanso kuti malamulo salola kumanga m'munsi mwa mulingo wa mamita 477. Mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Chomwe ndikuvomereza n'chakuti kuyendetsa hotela kunyanja ndi ntchito yowawa, ndipo palibe akupempha zaulere.

Komabe chipinda chomwe chagona chopanda munthu usiku wa Loweruka, ndalama yake yapita, sidzabweranso. Mlonda walipidwa, jenereta yalira, kapinga wathiriridwa, kaya mwagona anthu kaya ayi. Misonkhano imatha Lachisanu masana. Kuyambira pamenepo mpaka Lamlungu madzulo, kupatula pa masiku a zikondwerero, mahotela ambiri amakhala ndi zipinda zongokhala. Nanga n'chifukwa chiyani mtengo umene bungwe la ku Geneva lalipira Lachiwiri ukhale womwewo wouza mphunzitsi wa ku Dedza Loweruka? Mtengo uwerengedwe pa chipinda kapena pa nyumba, osati pa mutu wa munthu. Ana aang'ono agone ndi makolo awo popanda kulipiritsa, ndipo matiresi owonjezera apezeke popanda kuchita kuchonderera manijala. Nsima ndi chambo zibwere m'mbale zazikulu za banja lonse, monga timadyera kwathu, m'malo molipiritsa mwana wa sitandade 2 mtengo wa munthu wamkulu pa chakudya chodzitengera wekha, iye atangotola chipisi ndi soseji imodzi. Alolenso kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money miyezi ingapo ulendo usanafike, pakuti Mmalawi kusonkha amakudziwa. Anthu amene amafolera nyumba ndi malata a ndalama za banki m'khonde ndi chipereganyu sangalephere kusonkhera masiku awiri a kunyanja. Alipo malo amene anayamba kale zina mwa izi, makamaka maloji ang'onoang'ono a ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay omwe anazolowera alendo oyenda ndi zikwama kumsana, owerengera tambala iliyonse. Akuluakuluwa ndiwo akuchedwa.

Poti kugona kunyanja kunakhala kosafikirika, tinadzipangira njira yathu, ulendo wa tsiku limodzi. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, pa Khirisimasi, pa 1 Januwale ndi pa Pasaka, msewu wa ku Salima umadzaza minibasi ndi malole kusanache. Anthu amalipira pageti, n'kuthithikana pa kagombe kamodzi, zokuzira mawu zitatu zikulimbana, dzuwa likuswa mtengo, mowa ukuyenda. Pofika 5 koloko aliyense akuthamangira kubwerera, dalaivala atatopa, mwina atalawako, kukakwera mapiri a pakati pa Salima ndi Lilongwe kapena zokhotakhota za ku Khwekhwerere mumdima. Mawa lake timamva apolisi pa wailesi akuwerenga amene amira ndi amene achita ngozi. Ulendo wotere ndi wotaya nawo miyoyo, komanso umaonetsa nyanja pa nthawi yomwe kukongola kwake kwabisala, masana, paphokoso, m'chipwirikiti.

Taganiziraninso za mayi amene akuti tikumulemekeza pa tsikulo. Wadzuka 3 koloko usiku kukazinga nkhuku ndi kuphika mpunga, walongedza mbale, wasambitsa ana. Kugombe sakhala pansi, maso ali pa ana omwe ali m'madzi pakati pa anthu mazanamazana. Akafika kunyumba usiku, mapoto akumudikira. Apa ndiye pagona phindu lenileni la hotela, lomwe ngakhale kubwereka kanyumba ka kampani kapena ka mnzanu ku Senga Bay sikungapereke: kwa masiku awiri pali wina akuphika, wina akutsuka mbale, wina akuyala bedi. M'nyumba yobwereka mayi amangosamutsira khitchini yake kufupi ndi madzi. Abambo ambiri akamva mtengo wa hotela amati, "Ndalama zonsezi kungogona basi?" chifukwa kwa iwo kuphikiridwa ndi kuchapiridwa si chachilendo. Kafunseni amayi chomwe chinawasangalatsa, mukamva kuti ndi kudzuka dzuwa litakwera popanda wowafunsa kuti tiyi ali kuti. Mtsikana wantchito naye, ngati mwamutenga, mumutenge ngati mwana wa pakhomo, akhale ndi pogona pabwino ndi nthawi yake yolowa m'madzi. Kumuimika padzuwa ndi thawulo tsiku lonse inu mukujambulitsa zithunzi za pa Facebook ndi nkhanza, ngakhale zichitikire pamalo okongola.

Ndipo nyanja imaonetsa zake kwa amene wagona. Usiku kumaoneka mzere wa nyali kutali pamadzi, asodzi a usipa akukopa nsomba ndi kuwala, ndipo mwana wa kumtunda amafunsa kuti tauni imeneyo ndi iti. M'bandakucha madzi amakhala bata, mabwato akubwerera, amayi ogula nsomba akudikira ndi mabeseni, ndipo ana a m'tauni amaona koyamba kuti usipa umene amaunyoza pa mbale umachokera kwa munthu amene wachezera usiku wonse pamadzi. Ku Cape Maclear, mkati mwa Lake Malawi National Park yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi mu 1984, boti limakufikitsani pa chilumba cha Thumbi kumene nsomba za mbuna zabuluu, zachikasu, zamizeremizere zimakuzungulirani m'miyendo. Nyanja ino ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Anyamata a boti amaimba mluzu n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika kudzaiwakha, mbalame yomweyo imene ana amaiona pa chizindikiro cha boma. Chapafupi pomwepo pali manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875, malungo asanawathamangitsire ku Bandawe mu 1881. Zambiri mwa izi mwana amangoziloweza kuti akhoze mayeso a sitandade 8, n'kuziiwala zotsatira zikangotuluka.

Koma sindingalimbikitse mabanja kupita ndisananene chomwe chimandikwiyitsa kwambiri. Hotela yomwe imatsatsa gombe ngati chokopa chake chachikulu, n'kuika alonda angapo pageti oyang'anira magalimoto, pagombepo osaikapo ndi mmodzi yemwe woyang'anira osambira, yatiuza chomwe imachiwerengera. Chikwangwani cha m'Chingerezi chonena kuti mukalowa m'madzi zikakuvutani ndi zanu sichipulumutsa mwana. Ambiri a ife a kumtunda sitidziwa kusambira, tinakulira m'madambo ndi m'timitsinje tolekeza m'mawondo. Nyanjayi pena imayamba yosaya kenako n'kukhala phompho mwadzidzidzi, ndipo mwera ukamawomba, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mafunde amasintha pa kanthawi kochepa. Kufupi ndi mabango ndi kumene mitsinje imathirira kumakhala ng'ona ndi mvuu. Odziwa zonsezi ali kuseri kwa mpanda wa hotela womwewo, anyamata a m'midzi ya asodzi amene anaphunzira kusambira asanayambe sukulu. Kuwalemba ntchito, kuwaphunzitsa chithandizo choyamba, kuwapatsa wezulo ndi chingwe choyandama chosonyeza polekezera, n'zotsika mtengo kuposa kapeti wa m'holo. M'boti namo majekete oyandamitsa akhalemo okwanira, a misinkhu ya ana omwe, osati atatu ong'ambika oti boti lonse ligawane.

Pa za likodzo napo pakufunika chilungamo. Mukafunsa, kawirikawiri amakuuzani kuti pa gombe lawo palibe, lili kwa aneba. Zoona zake n'zakuti tizilombo ta likodzo timapezeka m'madera ambiri a nyanjayi, makamaka kum'mwera. Timakhala mu nkhono za m'madzi ndipo timalowa pakhungu munthu akamasamba. Ofufuza ku Chembe, mudzi wa ku Cape Maclear, anapeza kuti nkhonozi zinachuluka ngakhale pa mchenga poyera pamene nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso. Si chifukwa chothawira nyanja. Mankhwala ake, praziquantel, alipo, ndipo ndi omwe aja ana amalandira m'masukulu. Chofunika ndi kuuza makolo mosabisa kuti pakatha miyezi iwiri kapena itatu akayezetse banja lonse kuchipatala, ndipo akaona magazi mu mkodzo wa mwana asadikire. Alendo akunja amauzidwa zimenezi ndi madokotala a kwawo asananyamuke. Nanga ife atiuze ndani, ngati kapepala ka m'chipinda kakungonena nambala yachinsinsi ya intaneti? Za neti yopanda zibowo pa bedi lililonse, ndi zamanyazi kuti mpaka lero tizichita kukumbutsana.

Pali nkhani ina yomwe timaikamba monong'ona. Galimoto ya chizindikiro cha bungwe ikafika pageti, chitseko chimatseguka isanaime. Mzungu wa kabudula wong'ambika ndi patapata amalandiridwa ndi manja awiri. Banja la kuno likatsika mu Sienta yahayala, funso loyamba limakhala lakuti "Tikuthandizeni?", lonenedwa mwa mtundu uja wotanthauza kuti mwasochera. Mlondayo ndi mbale wathu, ndipo sanabadwe nazo. Anaphunzira poona amene bwana amamuthamangira, ndipo adzasintha bwana akasintha. Koma nafenso tisadziyeretse. Timafika ndi zokuzira mawu zathu n'kusokosera aliyense mpaka 2 koloko usiku. Timasiya mabotolo osweka mumchenga momwe ana a ena ayende opanda nsapato mawa lake. Timalankhula ndi operekera zakudya ngati si anthu, ndipo timazembetsa abale kudzera kugombe kuti chipinda cha awiri chigone mudzi wonse. Chilichonse mwa izi chimapatsa manijala ponenera kuti Amalawi ndi ovuta, ndipo amene amavutika nazo ndi banja lofatsa lobwera sabata yotsatira.

Ndikudziwa kuti kwa Amalawi ambiri nkhani yonseyi ndi ya kutali. Munthu amene akusaka ndalama ya thumba la feteleza sangaganize za hotela, ndipo kumuuza kuti apite kunyanja n'kumunyoza. Ine ndikulankhula ndi aphunzitsi, anamwino, makalaliki, a mabizinesi a mu Limbe ndi mu Mzuzu, anthu amene chaka chilichonse amakwanitsa kusonkha za chinkhoswe, za phwando la mkwatibwi, za nsalu yofanana ya ukwati, za nsalu ina ya kumpingo. Ndalama yochitira zinthu za anthu timaipeza, chifukwa tikapanda kutero atinena. Yopumira ndi ana athu palibe amatinena tikapanda kuipeza, ndiye imakhala yomalizira, mpaka mabanja ambiri amakumana onse pamodzi pamaliro pokha. Abale athu a ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds kapena ku Dublin akabwera mu Disembala ndi amene kawirikawiri amatengera mtundu wonse kunyanja, ndipo amafika ndi mafunso amene ife timachita nawo manyazi. Chipinda cha banja chilipo? Mwana alipira zingati? Woyang'anira osambira ali kuti? Anzathu a ku Chipata ndi ku Katete, amene gombe la Senga Bay lili pafupi nawo kuposa Lusaka, amabwera ndi mabanja aakulu ngati athu omwe, akulankhula chinenero chathu chomwechi.

Kwa amene angathe, nthawi yabwino si Khirisimasi. Ndi tchuthi chachikulu cha sukulu, chakumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala, mwera ukuchepa mphamvu, mvula kulibe, kutentha kwa Okutobala kusanafike, anthu ali ochepa moti mutha kunenerera mtengo. Mukafika musadzitsekere mumpanda. Wa msonkhano amamangidwa ndi ndandanda ya tsiku, koma ana amatopa n'kufuna kutuluka, ndipo akatuluka ndalama imafika kwa mayi wogulitsa malambe ndi zitumbuwa, kwa wa boti, kwa wosema ziboliboli, kwa woluka mikeka ndi mipando mumsewu wa ku Senga Bay. Midzi ina inataya madoko ndi malo ochapira pamene mipanda ya mahotela ndi ya nyumba za olemera inkatsikira mpaka m'madzi, ndipo anthu ake ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira zokopa alendo ndi diso lofiira. Mlendo wotuluka pageti n'kukagula kanthu amabwezako pang'ono, ngakhale ngongoleyo ndi yaikulu kuposa mtengo wa mkeka.

Boma lakhala likutchula zokopa alendo pamodzi ndi ulimi ndi migodi ngati mizati ya chuma, koma likamatero maso amakhala ali ku bwalo la ndege. Chonsecho lili ndi zida m'manja zomwe sizilira thandizo la wina. Malo aliwonse ogona alendo amayenera kukhala ndi chiphaso ndi kuyenderedwa, ndiye palibe chovuta kulamula kuti amene ali ndi gombe asapatsidwe chiphasocho popanda woyang'anira osambira wophunzitsidwa bwino. Gawo la 1 peresenti ija, imene ifenso timalipira tikagona kapena kudya m'malowa, lipite kukaphunzitsa anthu amenewa. Sikuti kutsatsa dziko kumachitikira ku ziwonetsero za ku Berlin ndi ku Durban kokha. Palinso kampani ya mahotela ya Sunbird. Kampaniyi ili pa msika wa masheya, koma gawo lalikulu la masheya ake ndi la boma, kutanthauza kuti ndi lathu, ndipo ili ndi ena mwa magombe abwino kwambiri ku Nkopola ndi ku Senga Bay. Itaika mtengo wa banja wokhazikika, wodziwika, wa chaka chonse osati wa zotsatsa za Khirisimasi zokha, oyandikana nayo sangachitire mwina koma kutsatira, chifukwa makolo akauzana pa gulu la WhatsApp la kusukulu, Lachisanu lotsatira magalimoto onse amakhotera geti limodzi.